Makina oyezera BP kunyumba: amaona chiyani mwa munthu wokalamba, nanga saona chiyani?

Makina amene ndikunena pano ndi aja omanga lamba pamkono, pamwamba pa chigongono, oti ukangodina batani limodzi amadzipopa okha. Ndinagulira bambo anga a zaka 78, ndipo takhala nawo nthawi yaitali ndithu moti ndingathe kunena zimene ndaona ndi maso anga, kusiya zolembedwa pa katoni. Dzina la kampani sinditchula. Makina a mtundu umenewu amagwira ntchito mofanana, ndipo zimene nditadandaule pano mukazipezanso pa ena ambiri.

Ngati muli pachangu, mawu anga ndi awa: m'nyumba mmene muli munthu wopitirira zaka 60, makinawa ndi ofunika kuposa mphatso zambiri zimene timagulira makolo athu. Koma matenda amene amawaona bwinobwino ndi amodzi okha. Pa ena amangokutsina khutu kuti mwina alipo, ndipo ambiri mwa matenda okhalitsa amene amavutitsa okalamba sawaona n'komwe. Pa katoni palibe pamene analemba zimenezo, ndipo apa m'pamene anthu akupusitsika.

M'katonimo munali makinawo, lamba ndi kapayipi kake ka mpweya, mabatire anayi ang'onoang'ono, kachikwama ndi kabuku ka malangizo. Choyamba kuchiyamikira ndi manambala. Ndi akuluakulu, akuda bii, moti bambo, amene diso lawo lakumanzere lili ndi ng'ala, amawerenga osavala magalasi. Pamwamba pamatuluka nambala yaikulu, yosonyeza mphamvu imene magazi akukankhira mitsempha mtima ukafinya. Pansi pake pali yaing'ono, ya pamene mtima wapumira, ndiye pansi penipeni pali kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi. Batani ndi limodzi, lalikulu. Wopanga makinawa anaganizira manja onjenjemera ndi maso ofooka. Wolemba kabuku ka malangizo ndiye sanawaganizire mpang'ono pomwe: tizilembo take n'toti ngakhale ine ndimachita kupita pawindo kuti ndiwerenge.

Chimene chinandichititsa kugula n'chakuti bambo anga ali ndi yankho limodzi pa chilichonse. Mutu ukawawa, miyendo ikalemera, akaima pakati pa njira kuti apume, amati, "Ndi ukalamba, mwanawe. Udzaziona." Sanama kwenikweni, thupi la zaka 78 silingafanane ndi la zaka 30. Koma mawu amenewa amabisa zambiri. BP yokwera nthawi zambiri ilibe chizindikiro chilichonse. Munthu amadya, kuseka ndi kugona bwinobwino pamene ubongo, mtima, impso ndi maso zikuwonongeka pang'onopang'ono. Lipoti la mu 2023 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linanena kuti odwala BP padziko lonse anawonjezeka kuchoka pa 650 miliyoni mu 1990 kufika pa 1.3 biliyoni mu 2019, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziwa kuti ali nayo. Mwa odwala asanu alionse, ndi mmodzi yekha amene BP yake yatsitsidwa kufika pofunika. Sungatsutsane ndi kholo lako pa zimene likumva m'thupi mwake. Nambala imatsutsa m'malo mwako, popanda mwano.

Ndiyambe ndi lamba, chifukwa ndi amene amasokoneza zotsatira za anthu ambiri. Wathu analembedwa 22–32 cm, kutanthauza kukula kwa mkono pouzungulira. Mkono wa bambo ndi wowonda, choncho anawakwana. Koma alamu anga ali ndi thupi, ndipo atamanga lamba yemweyo movutikira, makina anatulutsa nambala yochititsa mantha. Lamba wothina amakweza nambala, wamkulu kwambiri amaitsitsa. Musanagule, tengani tepi muyeze mkono wa mwiniwakeyo pakatikati pa phewa ndi chigongono. Ukapitirira 32 cm funsani lamba wamkulu, kapena uja wokwana ambiri wa 22–42 cm. Ogulitsa ambiri sakufunsani zimenezi.

Kuyeza kwenikweniko sikukwana ngakhale mphindi imodzi. Ntchito ili pa kukonzekera. Munthu akhale pampando wotsamira, mapazi onse ali pansi, osapingasa miyendo, apume mphindi zisanu. Akhale atakodza kale, ndipo asakhale atamwa khofi kapena kusuta m'mphindi 30 zapitazo. Mkono ukhale patebulo, lamba ali molingana ndi mtima, pakhungu penipeni osati pamwamba pa juzi. Ndiye pali lamulo limene bambo anga amadana nalo: osalankhula. Lamba akangoyamba kufufuma, m'pamene iwo amakumbukira nkhani.

"Bambo, dikirani kaye athe kuyeza."

"Ndikhale chete m'nyumba mwanga momwe chifukwa cha kabokosi?"

Ndinawapempha kuti aone okha: tiyeze akulankhula, kenako tiyeze ali chete. Nambala yapamwamba inasiyana ndi 11. Kuyambira pamenepo amatseka pakamwa, koma amandiyang'ana ndi diso loti nkhani ija sinathe.

Poyamba muyeze mikono yonse iwiri, ndipo umene wapereka nambala yokwererapo ndi umene muziugwiritsa ntchito nthawi zonse. Nambala imodzi siinena kanthu. Madokotala amafuna kuyeza kawiri m'mawa munthu asanamwe mankhwala ndi kawiri madzulo, kusiyanitsa ndi mphindi imodzi, kwa sabata yathunthu. Manambala a tsiku loyamba amatayidwa, otsalawo n'kuwaphatikiza kuti apeze yapakatikati.

M'mbali mwa manambala muli kamzere ka mitundu, kobiriwira, kachikasu ndi kofiira. Kamzereka ndi kamene ndikudandaula nako kwambiri. Kuchipatala munthu amatchedwa wodwala BP akapezeka ndi 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana. Kunyumba malire ake ndi otsikirapo, 135/85, chifukwa munthu akakhala pakhomo pake mtima umakhala m'malo. Makina athu amatsata malire a kuchipatala, ndiye 138/86 saionetsa kuti yakwera, chonsecho kunyumba imeneyo yadutsa kale. Ku America mabungwe a madokotala a mtima anatsitsanso malirewo mu 2017 kufika pa 130/80. Ngati akatswiri eniakewo sagwirizana pa mzere umodzi, kamtundu ka pa makina sikangakhale woweruza. Nambala yoyenera kholo lanu mufunse dokotala amene akuliona, chifukwa nkhalamba yofooka ya zaka 90 siilondoleredwa pa nambala yofanana ndi munthu wa zaka 65 amene akuyenda nganganga.

Sabata yoyamba manambala a bambo ankazungulira pa 166/74. Iwo ankaloza yapansiyo: "Taona, iyi ili bwinobwino. Makina akowa akungokokomeza." Zoterezi n'zofala kwambiri kwa okalamba. Mitsempha ikuluikulu imauma ndi zaka, ngati payipi ya pulasitiki yokhalitsa padzuwa, ndiye mtima ukakankha magazi siitambasuka. Nambala yapamwamba imakwera, yapansi n'kukhala pomwepo kapena kutsika kumene. Kale panali kachiwerengero koti BP ya munthu wamkulu ikhale 100 kuphatikiza zaka zake, kamene kakanawapatsa bambo 178 n'kuwauza kuti ali bwino. Maganizo amenewo anatha. Kafukufuku wotchedwa HYVET, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008, anatsatira anthu 3,845 a zaka 80 kupita m'tsogolo, ndipo anapeza kuti mankhwala a BP anachepetsa imfa ndi 21 peresenti, kulephera kwa mtima n'kuchepa ndi 64 peresenti. Zoti munthu wakula kwambiri moti mankhwala sangamuthandizenso si zoona.

Makinawa amasunga manambala akale, ndipo pa katoni amadzitama nazo. Ine sindizidalira. Mukatulutsa mabatire, tsiku ndi nthawi zimasokonekera, n'kutsala ndi mulu wa manambala osadziwika kuti ndi a liti. Mlendo akayesako kamodzi, nambala yake imalowa m'kaundula wa bambo. Kope wamba ndi cholembera zimaposa kutali. Timalemba tsiku, nthawi, manambala atatu aja, ndi kamzere kotsiriza ka zimene bambo akumva: "chizungulire podzuka", "sanagone bwino", "amwa mankhwala a bondo". Titapita nalo kope kuchipatala, kamzere kotsirizaka ndi kamene adokotala anachedwapo. Anatembenuza masamba n'kunena kuti zimenezi zikuwauza zambiri kuposa kuyeza kamodzi m'chipinda chawo, wodwala atangochoka pamzere, wotopa ndiponso wamantha. Pali anthu amene BP yawo imakwera akangoona chovala choyera cha dokotala, kunyumba ili bwino. Palinso ena, amene ali pangozi yokulirapo, oti kuchipatala imaoneka yabwino koma kunyumba ili m'mwamba. Onsewa amagwidwa poyeza kunja kwa chipatala.

Pali ntchito ina imene makinawa amagwira bwino koma kabuku kake sikaitchula: kuyeza munthu ataimirira. Bambo atayamba mankhwala, ankati akadzuka m'mawa, kapena usiku popita kukakodza, m'maso mumachita mdima. Adokotala anatiuza kuti tiwayeze atagona kapena atakhala, kenako aimirire, tiyezenso patatha mphindi imodzi ndiponso zitatu. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena yapansi ndi 10, ndiye kuti BP ikugwa poimirira. Kwa bambo inachoka pa 141 kufika pa 117. Adokotala anasintha mlingo wa mankhwala, n'kuwalangiza kuti azikhala kaye m'mphepete mwa bedi asanaimirire. Nkhani imeneyi musaipeputse. Okalamba ambiri akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno sabwereranso mmene analili, ndipo kufooka kwa mafupa, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba, kawirikawiri sikudziwika mpaka tsiku lothyokalo.

Pakona pa makinawa nthawi zina pamatuluka kachithunzi ka mtima wonjenjemera, kusonyeza kuti kugunda sikukuyenda mwadongosolo. Kamatuluka mwachisawawa: munthu akatsokomola, akagwedeza mkono, ngakhale akaseka. N'chifukwa chake ambiri amasiya kukalabadira. Koma kwa bambo kankabwera mobwerezabwereza ali phee, ndipo nditagwira pamkono pawo ndi zala ndinadzimvera ndekha: kugunda kuwiri kofulumira, kadanga, kutatu, kadanga kena. Kuchipatala anawayeza ndi ECG, makina ojambula mmene mtima ukugundira, n'kupeza atrial fibrillation, vuto limene zipinda zapamwamba za mtima zimangonjenjemera m'malo mofinya bwinobwino. Magazi amatha kuundana mmenemo, kamagazi koundanako n'kuthamangira ku ubongo. Vutoli limachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu, ndipo limafala pamene zaka zikupita. Bambo sankamva kalikonse. Tsopano amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo pa chifukwa chokhachi ndalama zimene ndinagulira makinawa sindizidandaula. Komabe makina anangotikodola, imene inapeza matendawo ndi ECG. Chodabwitsa n'chakuti mtima ukamagunda mosalongosoka chonchi, makina a mtundu uwu amayamba kuphonya, chifukwa amawerengera BP kuchokera ku kugwedezeka kwa mpweya wa mu lamba. Adokotala anati tiziyeza katatu n'kutenga yapakatikati.

Tsopano ndifike pa zimene saona, zimene kwa ine ndi nkhani yaikulu kuposa zonsezi. Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anabwera kudzacheza n'kupempha kuti nawonso ayezedwe. Panatuluka 126/78, kamzere kobiriwira. Anawomba m'manja: "Mwaona achimwene? Ine ndilibe matenda." Chonsecho azakhaliwo anali ataonda moti zovala zinkawakhwefuka, usiku ankadzuka kambirimbiri kukakodza, ankadandaula dzanzi kumapazi, ndipo pachala chachikulu cha kuphazi anali ndi kabala kamene sikankapola. Titawauza zopita kuchipatala, yankho linali lakuti makina anena kale. Mmene ankapita, patadutsa nthawi ndithu, anawapeza ndi shuga. Makina a BP alibe nazo ntchito za shuga, ndipo kwa okalamba matendawa amabwera mozemba. Ludzu lija timamva kuti ndi chizindikiro chachikulu limatha kusaoneka, chifukwa munthu akamakula samva ludzu msanga. Zimene zimaoneka ndi kutopa, kuona mwachimbuuzi, zilonda zochedwa kupola, ndi matenda a chikhodzodzo obwerezabwereza. Shuga amayezedwa m'magazi. M'mawa munthu asanadye chilichonse, malire ake ndi 7.0 mmol/L, imene makina ena amailemba kuti 126 mg/dL. Palinso kuyeza kotchedwa HbA1c, kosonyeza mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, kumene malire ake ndi 6.5 peresenti. Kwa wokalamba amene ali kale pa mankhwala a shuga, ngozi ina ndi kutsikitsa. Pansi pa 3.9 mmol/L munthu amatuluka thukuta, kunjenjemera ndi kulankhula zosamveka, achibale n'kumaganiza kuti wayamba kuzungulira mutu.

Impso nazo zimafooka mwakachetechete. Zimene zimaziwononga kwambiri ndi shuga ndi BP yomweyi, choncho amene makina amupeza ndi BP yokwera apemphenso kuyezedwa magazi ndi mkodzo. M'magazi amayang'ana nambala yotchedwa eGFR, imene ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu kapena kuposa imasonyeza matenda a impso okhalitsa, ndipo mumkodzo amafufuza puloteni imene impso zabwino sizitaya. Apa kope lathu linathandizanso. Masiku amene panalembedwa kuti bambo amwa mankhwala a bondo, BP inkakwera. Ankamwa diclofenac chifukwa cha nyamakazi osauza adokotala, poti kwa iwo amenewo si mankhwala enieni, ndi "topha ululu" chabe. Diclofenac, ibuprofen ndi ena a gulu lomwelo amakweza BP, amalemetsa impso, ndipo akaphatikizana ndi mankhwala oletsa magazi kuundana angachititse munthu kutaya magazi m'mimba. Anawaletsa pomwepo. Mukamapita ndi kholo lanu kwa dokotala, nyamulani mankhwala onse amene likumwa, ngakhale azitsamba ndi ogula okha.

Nthawi ina mapazi a bambo anayamba kutupa, moti sokosi zinkasiya mzere wakuya pa akakolo. Makina ankaonetsa manambala okongola. Adokotala sanawayang'ane n'komwe manambalawo, anangoyamba mafunso. Amabanika akagona chagada? Amatsamira mapilo angati? Amadzidzimuka usiku akusowa mpweya? Mtunda umene ankayenda chaka chatha akuukwanitsabe? Ankafufuza kulephera kwa mtima, matenda amene mtima umapopa mofooka madzi n'kumadzadza m'miyendo ndi m'mapapo, ndipo munthu angakhale nawo BP ili yabwinobwino. Kwa bambo kunapezeka kuti ndi amlodipine, mankhwala a BP amene amatupitsa akakolo kwa anthu ena. Koma adokotala anatchula chida china chimene chimaona zimene makina a BP saona: sikelo wamba. Kwa wodwala mtima, kulemera kukawonjezeka ndi makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, si kunenepa. Ndipo sikelo yomweyo ikamatsika mwezi ndi mwezi munthu asakufuna kuonda, mpofunika kufufuza shuga, khansa, TB kapena matenda a maganizo.

Mapapo nawo makinawa sawadziwa. Chifuwa chosatha cha makhololo ndi kubanika pokwera chitunda, mwa munthu amene anasuta kapena kupuma utsi zaka zambiri, angakhale matenda otseka njira za mpweya otchedwa COPD, amene WHO imati anapha anthu 3.23 miliyoni mu 2019. Amadziwika pouzira mpweya m'kachipangizo ka kuchipatala. Magazi m'chimbudzi kapena mumkodzo, chotupa m'bere, kuvutika kumeza, mkodzo wotuluka modontha kwa abambo: pa zonsezi makina angakuonetseni kamzere kobiriwira tsiku ndi tsiku.

Nkhani ya kuiwala ndi imene imandisowetsa tulo, ndipo ilibe batani loidinira. WHO imati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matenda a kuiwala otchedwa dementia, ndipo 60 mpaka 70 peresenti ya iwo ndi a matenda a Alzheimer. Kuiwala pamene waika magalasi n'kwa tonse. Chodetsa nkhawa ndi pamene munthu afunsa funso lomwelo kangapo pa kucheza kumodzi, asochera panjira imene wayendamo moyo wake wonse, alephera kuwerengera ndalama zimene kale ankawerengera mosaganizira n'komwe, kapena ayamba kunena a m'nyumba kuti akumubera. Zimenezi zimabwera pang'onopang'ono, miyezi ndi zaka. Koma wokalamba amene dzulo anali bwinobwino lero n'kudzuka wosokonezeka, osadziwa kumene ali, musamuike m'gulu la oiwala. Kawirikawiri pali china chimene chamugwira mwadzidzidzi, kaya matenda a chikhodzodzo, chibayo, kuchepa kwa madzi m'thupi, shuga wotsika kapena mankhwala atsopano, ndipo akufunika chipatala tsiku lomwelo. Okalamba ambiri satentha thupi ngakhale matenda ali aakulu. Pamene nkhaniyi ikukhudzana ndi makina athuwa ndi apa: BP yosasamalidwa imawononga timitsempha ta mu ubongo, ndipo mtundu wina wa dementia umachokera pamenepo.

Pali nthawi imene makinawa ayenera kusiyidwa m'kachikwama. Nkhope ikapotoka mbali imodzi, mkono kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, lilime likalemera mawu n'kumatuluka osamveka, musatayenso nthawi kufunafuna mabatire. Imeneyo muitenge kuti ndi sitiroko mpaka adokotala atanena zina. Mankhwala osungunula magazi oundana, kumene alipo, amaperekedwa mkati mwa maola anayi ndi theka chiyambireni zizindikiro, choncho kumbukirani nthawi imene munamuona komaliza ali bwino. Musamuwonjezere mapiritsi a BP kapena aspirin panokha. Zizindikirozo zikatha zokha patapita mphindi zochepa, mupitebe, chifukwa nthawi zambiri limakhala chenjezo la yaikulu imene ikubwera. N'chimodzimodzi ndi mtima. Okalamba, amayi ndi odwala shuga amatha kudwala mtima mwadzidzidzi popanda kupweteka pachifuwa, kungokhala befu, thukuta, nseru kapena kufooka kosadziwika bwino. Makina akaonetsa 180/120 kapena kuposa, munthuyo apume kaye n'kuyezanso. Ikakhala pomwepo lankhulani ndi achipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino kapena kusokonezeka, nyamukani nthawi yomweyo.

Choipa china sichili m'makinamo koma chimabwera nawo. Munthu amene poyamba ankakana kuyezedwa anasanduka woyeza kosalekeza. Nambala ikakwera pang'ono, bambo ankamanganso lamba pomwepo mtima uli m'mwamba, yachiwiri n'kutuluka yokwererapo, yachitatu kuposa apo. Tsiku lina ndinawapeza akufuna kudziwonjezera piritsi. BP imasinthasintha tsiku lonse, ndi mmene thupi linapangidwira. Tinagwirizana ndi adokotala kuti sabata yathunthu ya kuyeza izikhala pamene tikukonzekera kukaonana nawo kapena mankhwala akasinthidwa, nthawi zina zonse kangapo pa sabata basi. Kachikwama kamakhala m'chipinda changa tsopano.

Pogula, dziwani kuti si makina onse amene anayesedwa pa anthu enieni kuti atsimikizidwe kuti amayeza molondola, ndipo ambiri ogulitsidwa pa intaneti sanadutse mayeso amenewo. Pali muyezo wa padziko lonse wotchedwa ISO 81060-2, ndipo bungwe la STRIDE BP limasunga pa intaneti mndandanda wa makina amene anatsimikizidwa. Fufuzani dzina ndi nambala ya mtundu wake musanapereke ndalama. Aja omanga pamene timavala wotchi amaoneka osavuta, koma dzanja likangotsika kapena kukwera kusiyana ndi mtima nambala imasintha. Wokalamba sindingamusankhire amenewo, pokhapokha mkono uli waukulu moti palibe lamba wokwana. Mukagula, pitani nawo kuchipatala muwayerekeze ndi a kumeneko pamkono womwewo. Athu anasiyana ndi 3 yokha.

Pa kulimba kwake, makina enieniwo sanativutepo. Amene watopa ndi lamba. Zomatira zake zadzadza ulusi wa juzi, ndipo nthawi zina amamasuka pakati pa kupopa, makina n'kulemba Err, kusonyeza kuti alephera kuyeza. Lamba amagulitsidwa payekha, koma onetsetsani kuti ndi wa mtundu womwewo, chifukwa timapayipi timasiyana polowetsera. Mabatire akafooka makina amapopa mwaulesi, kuima, n'kuyambanso, zimene zimafinya mkono kawiri. Khungu la bambo ndi lopyapyala, ndipo chiyambireni mankhwala oletsa magazi kuundana, kufinya kotero kumawasiyira timadontho tofiira. Ngati mungathe, gulani okhala ndi polowetsa chingwe cha magetsi. Komanso kumanga lamba ndi dzanja limodzi si chinthu chapafupi. Bambo amakwanitsa pokokera pa kachitsulo kamene lamba amapindira, koma munthu wa manja onjenjemera kwambiri, wa nyamakazi ya m'zala, kapena amene anafa ziwalo mbali imodzi sangathe yekha. Ngati kholo lanu ndi lotero ndipo limakhala lokha, funafunani lamba wopindidwa kale mozungulira, wongolowetsamo mkono, ndipo mwiniwakeyo ayese kumanga yekha m'sitolo momwemo musanalipire.